Bini Yopepuka ya Madamu

Pa sukulu yamkaka ina ankayeza mabini a makalasi onse pa sikelo Lachisanu lililonse, ndipo kalasi yotaya zinyalala zochepa kuposa onse inali yoti ilandire chikho pakutha pa teremu. Tsiku loyeza komaliza, Madamu a ana a zaka zisanu, omwe bini yawo inali isanasunthepo singano ya sikelo kwa masabata khumi ndi awiri, anali kalikiliki kupukuta pashelefu podzakhala chikhocho, pamene bambo ena osoka nsapato anaimika pakhomo wilibala yofunditsidwa bulangete.

"Odi, Madamu."

"Lowani, lowani! Koma ndiye mwalawirira. Alendo oyeza afika teni koloko. Ndinu kholo lija ahedi anati lidzapereka umboni?"

"Umboni wa chiyani?"

"Wa mmene phunziro langa lasinthira makomo a ana."

Bambowo anaganiza kaye. Anali munthu wosayankha funso asanalitembenuze n'kuona kunsi kwake, monga amachitira ndi nsapato ya kasitomala.

"Khomo langa lasintha ndithu," anatero.

"Basi ndinu amene! Khalani apa."

Madamu anawalozera chidebe chozondotsa, chopaka penti yachikasu, chokhala ndi maso awiri ndi ndevu za ulusi.

"Ndikhale pamutu pake?"

"Ndi mpando."

"Uli ndi maso."

"Ndi mpando wa mkango. Khalani, suluma."

Bambowo anakhala mwaulemu, chipewa chili pabondo.

"Ndinu bambo ake a ndani?"

"A kamtsikana kogweluka mano awiri akutsogolo."

"Bambo, ana onse akusewera panjawo ndi ogweluka mano awiri akutsogolo."

"Kunyumba timamutcha Kangolo, chifukwa chiyambire teremu ino sanabwereko chimanjamanja."

"Aaa, Kangolo! Mwana wa manja agolide! Ndiye tiyeni tiyeserere, alendo asanafike. Ine ndifunsa, inu muziyankha momasuka. Kodi chiyambire kuphunzitsa ana kuti chinthu chakale tisamachitaye koma tizichipatsa ntchito ina, kunyumba kwanu kwasintha chiyani?"

"Timadya choimirira."

"Chifukwa cha chimwemwe?"

"Chifukwa patebulo pali sitima."

"Sitima ya makatoni a mkaka ija! Ili bwanji?"

"Ili bwino. Ili ndi mabogi asanu ndi atatu. Tebulo lathu ndi la mabogi asanu."

"Nanga simungaiike pena?"

"Kakalata kanu kanati tiike pamalo poonekera. Malo oonekera anatha sabata yachinayi."

Apa bambowo anatulutsa m'thumba la malaya mtolo wa timapepala tomangidwa ndi ulusi wosokera nsapato. Tonse tinali ndi mawu ofanana, olembedwa ndi dzanja la Madamu: *Musataye. Ikani poonekera. Gwiritsani ntchito.*

"Mwasunga tonse?" anafunsa Madamu, mtima uli myaa.

"Talembedwa kuti musataye."

"Amenewo ndiye makolo! Zonse pamodzi zilipo zingati?"

"Zilipo 63."

"Iyayi, masiku asukulu akwana 60."

"Tsiku lina anzake atatu anadwala chimfine. Munamusenzetsa ndi zawo zomwe."

"Kuti zisatayike! Pitirizani. Alendo amakonda kumva zogwiritsa ntchito. Chimene mumagwiritsa ntchito kwambiri ndi chiti?"

"Zoikamo pensulo."

"Mwaona! Zitini zomwe zikanatayidwa!"

"Zilipo khumi ndi chimodzi."

"Bwino kwambiri."

"Pensulo ndi imodzi."

"Ndiye mumatani?"

"Imagona mosinthasintha. Lero ili m'chitini cha nthenga, mawa ilowa cha mabatani. Mayi ake a Kangolo analemba ndondomeko pakhoma kuti chitini china chisadandaule."

Madamu anaseka n'kuwomba m'manja kamodzi. Bambowo sanaseke. Iwo nkhani ya ndondomekoyo inali itawadyera kale masiku awiri a mkangano ndi akazi awo.

"Zimenezo mukanene momwemo. Koma za kudya choimirira muzisiye."

"Ndinene za nyamalikiti?"

"Nenani! Nyamalikiti wa botolo uja ndi amene ndimanyadira."

Bambowo anadzuka, anapita pa wilibala, anapisa dzanja pansi pa bulangete n'kutulutsa chinthu cha khosi lopindika, diso limodzi likulendewera.

"Uyu anali botolo langa losungiramo misomali ing'onoing'ono ya nsapato."

"Linali lakale."

"Linali pa ntchito."

"Koma linali lakale, bambo. Pano lapeza moyo watsopano."

"Misomali ili m'thumba la buluku. Ndikakhala pansi ndimaikumbukira."

"Zimenezo n'zazing'ono. Taonani kukongola kwake!"

"Ndaona. Ndinawerenganso. Botolo linali chinthu chimodzi. Pano pali timapaipi tomwera zakumwa tinayi ta miyendo, maso awiri apulasitiki, thonje, riboni, tepi, penti, ndi tonyezimira tomwe timapezeka mpaka mu shuga. Zimenezi zinachokera kuti?"

"Kusitolo."

"Zatsopano?"

"Nanga mwana angamate diso lakale?"

"Ndiye kuti tipulumutse chinyalala chimodzi, tagula khumi."

"Si zinyalala! Ndi nyamalikiti!"

"Ndi zomwenso ananena mkulu wina wotolera mabotolo kwathuko. Ndinamuonetsa. Anati iye amatenga mabotolo, nyama satenga."

Madamu anakoka mpweya, anakonza kolala ya bulauzi. Iwo anali munthu woti akaima pa mfundo, ngakhale mvula ya matalala siingawasunthe, ndipo mfundo yawo inali itapachikidwa pakhoma ndi zilembo zofiira.

"Bambo a Kangolo, inu mukuona ndi maso a msika. M'mera mpoyamba. Mwana akaphunzira ali wamng'ono kuti palibe chinthu chopanda ntchito, dziko lapulumuka. Nanga chodyetsera mbalame chija? Mbalame sizikubwera?"

"Kakalata kanati tiziikamo nyenyeswa za buledi tsiku lililonse. Timaika."

"Ndiye zikubwera?"

"Zikubwera. Koma siziuluka."

"Mbalame zanji zosauluka?"

"Za michira yaitali."

"Makoswe?"

"Anayamba awiri. Pano ndi banja."

"Mayo! Ndiye akukhala kuti?"

"M'nyumba ya zidole ija ya katoni. Ya zipinda zinayi. Iwo ndiye amadya atakhala pansi."

Munthu wina apa akanachita manyazi. Madamu ayi. Nkhope yawo inawala ngati apeza mfundo ya pamayeso.

"Mwaona tsono? Katoni yomwe ikanatayidwa, lero ikusunga zamoyo!"

"Eni nyumba sanaone choncho."

"Eni nyumba akubwera pati?"

"Ndi zomwe ndabwerera, Madamu. Ife timachita lendi chipinda chimodzi ndi kakhonde. Pakhondepo ndi pamene ndimasokera nsapato, ndi pomwenso anzathu a zipinda zina amadutsa popita kumpopi. M'chipinda mutadzaza, zinthu zinasefukira pakhonde. Dzana eni nyumba anapunthwa pa njovu."

"Njovu ya zigubu ija? Yavulala?"

"Njovu ili bwino. Eni nyumba ndi amene akutsimphina. Anati pofika mawa masana khonde likhale loyera, makoswe asamuke. Apo ayi, tisamuke ndife."

"Aaa, amangoopseza amenewo."

"Abweretsa kale munthu wodzaona chipinda. Anayeza zenera ndi chingwe ine ndili pomwepo."

"Ndiye mukufuna ine nditani? Ndikalankhule ndi eni nyumba za chilengedwe?"

"Ayi. Mulankhule ndi Kangolo. Mumuuze kuti zinthu zina zikatha ntchito, n'zololedwa kutaya."

Kunja ana ankalimbirana katungwe. Madamu anaika kansalu kopukutira pansi pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani?"

"Kutaya."

"Tsitsani mawu! M'kalasi muno mawu amenewo satchulidwa. Lero? Tsiku la chikho? Inu mwabwera kudzapereka umboni kapena kudzandigwetsa?"

"Ine za umboni ndazimvera pompano."

"Munavomera!"

"Munafunsa ngati khomo lasintha. Lasintha."

"Si inu atumidwa ndi ahedi?"

"Andituma ndi anzanga. Ali pageti."

Madamu anasuzumira pazenera. Pageti panalidi gulu la makolo, ena atakhala pa matumba, ena atagwira njinga zomangirira katundu.

"Abwera kudzaonerera chikho," anatero Madamu, akudzikhazika mtima pansi.

"Abwera kudzamva yankho. Amabwera kwa ine ndi nsapato zawo, ndiye podikira timacheza. Tinapeza kuti matenda ndi amodzi. Anati ndilowe ine chifukwa ndine ndapatsidwa tsiku lomaliza ndi eni nyumba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Nanga inu simungangochotsa zina mwana ali kusukulu? Osati kuti ine ndanena. Ine sindinanene kanthu."

"Amawerenga."

"Amawerenga?"

"M'mawa uliwonse, asanasukusule. Munamuphunzitsa kuwerenga mpaka 100, zikomo kwambiri. Ndinayesa kamodzi. Ndinatenga kamba wa chikho cha yogati, wamng'ono kuposa onse, n'kumuponya m'galimoto ya zinyalala. Mwana atadzuka anawerenga, anabwerezanso, kenaka anandiyang'ana. Sanalire msanga. Anaimirira pakati pa chipinda, anaika dzanja m'chiuno, n'kuyamba nyimbo yanu ija."

"Nyimbo iti?"

"*Wotaya, wotaya, mdani wa dziko.*"

"Aa, imeneyo ndinapeka ndekha," anatero Madamu, akulephera kubisa kumwetulira. "Anaimba bwino?"

"Ndime zonse zinayi. Yachitatu ija amaloza chala."

"Inde, amaloza wolakwayo."

"Analoza ine. Ana a zipinda zina anabwera kudzathandiza kolasi. Madamu, ine ndimasoka nsapato kuti mwana ameneyu adye. Ndatukwanidwapo ndi makasitomala, ndathamangitsidwapo pamsika, sizinandipweteke. Koma mwana wanga yemwe kunditcha mdani, zinandilowa mpaka m'mafupa. Masiku awiri sanalole kuti ndimugwire dzanja powoloka msewu."

"Ndiye munatani?"

"Ndinalondola galimotoyo mpaka kumtaya. Ndinakumba ndi manja. Kamba ndinamupeza dzuwa likupendeka, mwendo umodzi palibe. Ndinamusokera wina wachikopa."

Madamu anatsala pang'ono kukhudzidwa. Pang'ono pokha. Kenaka maso awo anagwera pashelefu popanda kanthu paja, ndipo mtima unabwerera m'malo mwake.

"Nkhani imeneyo ndi yabwino kwambiri kwa alendo. Bambo kukumba kumtaya chifukwa cha phunziro la mwana! Muyambire pamenepo."

"Madamu, chipinda."

"Chipinda chidzapezeka china. Dziko ndi limodzi."

"Dzikolo lili ndi khonde loti ndizisokerapo?"

"Musandiseke, bambo."

"Sindikuseka, ndikufunsa."

Ndipotu ankafunsadi. Ichi ndi chimene chinkawapsetsa mtima Madamu: munthu wachipongwe umatha kumuthamangitsa, koma wofunsa moona mtima amakhalabe pampando, chipewa chili pabondo.

"Ndifunsenso china," anatero bambowo. "Ana 30 akadya m'kalasi muno, zotsala zimapita kuti?"

"Kulibe zotsala."

"Makoko a nthochi?"

"Tinapanga mabwato."

"Ndinawaona. Anafika Lachiwiri. Pofika Lachisanu anali akuyenda okha. Nanga zotsalira posongola pensulo?"

"Nthenga za kadzidzi."

"Zivindikiro za mabotolo?"

"Njoka."

"Nanga timapepala tofewa topukutira ana mamina?"

Madamu anayang'ana kudenga.

"Maluwa," anayankha motsitsa.

"Maluwa oyera aja?"

"Tinkawaumitsa kaye."

"Mayi ake a Kangolo anatsomeka limodzi m'tsitsi popita ku ukwati wa mng'ono wawo."

"Ndipo ndikhulupirira anaoneka bwino."

"Anthu anawayamikira. Tsono bini ya kalasi ino ili kuti?"

"Mwaikhalira."

Bambowo anayang'ana pakati pa miyendo yawo. Mkango unawayang'ananso ndi maso ake apulasitiki.

"Ndi bini iyi?"

"Inali bini. Pano ndi mpando. Lachisanu timaitembenuza, alendo amaiika pa sikelo, imalemera mmene inalemerera tsiku logulidwa, timaizondotsanso. Masabata khumi ndi awiri, ziro!"

Milomo ya bambowo inagwedezeka ngati akuwerengera masitichi.

"Ndamva tsopano," anatero.

"Mwamva chiyani?"

"Bini yanu ndi nyumba yanga."

"Bambo!"

"Ndi nyumba za anzanga ali pagetiwo. Muli ndi mabini 30, Madamu. Kungoti sikelo sifikako."

"Kumeneko ndi kulankhula kwa munthu wosadziwa! Ine ndinapita kumaphunziro a masiku atatu a zimenezi, ndili ndi satifiketi. Inu mumadziwa chiyani za kupatsa chinthu chakale ntchito ina?"

"Pang'ono pokha. Soli ya nsapato ndimadula ku tayala lakutha. Malamba a zikwama zong'ambika ndimapangira masandasi. Ulusi wina ndimasolola m'matumba akale."

"Izo si zimenezi."

"Zasiyana pati?"

"Izo ndi ntchito chabe. Mumachita chifukwa cha kusowa. Ife timachita chifukwa cha kuzindikira."

"Tayala limadziwa kusiyana kwake?"

"Palibe luso pamenepo! Palibe penti, palibe uthenga, palibe choti mlendo n'kujambula."

"Ndikamata maso pa soli, iyamba kuteteza dziko?"

"Zikhoza kuthandiza."

Bambowo anagwedeza mutu, akusunga malangizowo mumtima. Kenaka, mwa chizolowezi cha ntchito, maso awo anatsikira kumapazi a Madamu.

"Nsapato zija ndinkakuonani nazo pageti teremu yatha, zofiira, zinali ndi chidendene chopendekera kumanzere, zili kuti?"

"Zinatha."

"Zinkangofuna msomali umodzi. Munazipatsa ntchito yanji?"

"Nkhani ya nsapato zanga siili pa pulogalamu ya lero."

"Munazipanga mabwato?"

"Bambo a Kangolo, nthawi yatha. Yankho langa ndi ili: ayi. Sindiuza mwana aliyense kuti ataye chilichonse, lero, mawa, ngakhale mtondo. Malamulo a kalasi ino ali pakhomapo. Werengani nokha ngati mumatha."

"Ndimatha, koma pang'onopang'ono."

Anadzuka pa mkango, anayandikira chipepala cha pakhoma, n'kuyamba kutsata zilembo ndi chala chakuda ndi polishi.

"Lamulo loyamba: *Usataye.* Lachiwiri: *Chipatse ntchito ina.* Lachitatu labisika. Pali dzuwa."

"Ndi mbale yapepala imeneyo. Musakhudze."

"Ndangokweza pang'ono. *Ngati ulibe nacho malo, patsa munthu amene amachikonda.* Ili ndi lamulonso?"

"Ndi lamulo, inde. Tinalikopera kumaphunziro kuja."

"Likugwira ntchito?"

"Chilichonse chili pakhomapo chimagwira ntchito!"

"Kupatsa si kutaya?"

"Kupatsa ndi kupatsa. Ndi khalidwe labwino kwambiri. Pali ndi nyimbo yake."

"Ndiye vuto ndi kupeza wozikonda. Ndinayesa alamu anga, anati ali ndi zawo za mwana wawo. Wotolera mabotolo anakana. Eni nyumba ndiye musanene. Ndani angakonde zinthu ngati izi?"

"Zinthu ngati izi? Tamverani kalankhulidwe kake! Munthu aliyense wa maso ophunzira angazikonde."

"Ngati ndani?"

"Ngati ine!"

"Inu mumazikonda?"

Nthawi yomweyo ahedi anadutsa pazenera, akuthamangira kukalandira galimoto ya alendo yomwe inali itangolowa. Madamu anawaona, ndipo mawu awo anakwera kuti afike kunja.

"Ndimazikonda ndi mtima wanga wonse! Chilichonse chimene manja a mwana apanga ndi chuma kwa ine!"

"Ngakhale nyamalikiti?"

"Makamaka nyamalikiti!"

"Sitima?"

"Bogi iliyonse!"

"Nyumba ya zipinda zinayi?"

"Ndi zonse zili m'menemo!"

"Zonse zili m'menemo," anabwereza bambowo, pofuna kutsimikiza. "Zikomo, Madamu. Mulungu akudalitseni. Ine ndimayesa ndinu munthu wouma mtima."

Anavula jekete, analipinda bwinobwino, anakankhira wilibala m'kati n'kuvundukula bulangete. Fungo la mabwato linalowa poyamba, zina zonse zinatsatira.

"Mukutani?"

"Lamulo lachitatu."

"Iyayi, dikirani! Sindimatanthauza pano!"

"Mumazikondera kuti? Kunyumba kwanu? Wilibala ilipo, ndikhoza kukafikitsa."

"Ayi! Kunyumba kwanga ayi!"

"Ndiye pano. Sitima ndiika patebulo panu, poonekera. Mabogi atatu alendewera, koma muzolowera."

"Bambo, alendo afika!"

"Aona umboni. Njovu ndiika pakhomo. Muziyang'ana pansi polowa. Zoikamo pensulo nazi, khumi ndi chimodzi. Ndondomeko yake ndibweretsa Lolemba."

"Apo ayi! Apo ndi pa chikho!"

"Malo oonekera atha, Madamu. Ndikudziwa mmene zimawawira."

Nyamalikiti anakhala pashelefu ya chikho, diso lake lolendewera likuyang'ana mwini wake watsopano. Nyumba ya zipinda zinayi itaikidwa pansi, m'kati mwake munamveka tsekeretsekere, ndipo Madamu anakwera pa kampando ka ana osadziwa kuti akwera liti.

"Muli chiyani m'menemo?"

"Zomwe mwati mumazikonda. Buledi ndi kamodzi patsiku, m'mawa."

Atatero bambowo anapita pazenera, anakweza chipewa m'mwamba n'kukuwa ndi mawu omwe amaitanira makasitomala tsidya lina la msewu.

"Anzanga! Nkhani yatheka! Ati amazikonda! Zonse!"

Abale inu, simunaone makolo akuthamanga chonchija. Matumba pamutu, makatoni m'khwapa, amayi ena atamanga zawo m'nsalu yoyala pabedi, abambo ena akukoka njoka ya zivindikiro yotalika kuposa galimoto. Ankalowa, kugwada pang'ono, kunena zikomo, kutula, kutuluka akuwongola msana. Palibe anakwiya, palibe anatukwana, ndipo ulemu umenewo ndi umene unawamaliza Madamu. Choipa chitsata mwini, koma ichi chinabwera pa njinga.

"Auzeni asiye! Bambo a Kangolo, auzeni!"

"Ndiwauze kuti simuzikonda?"

"Ayi! Inde! Auzeni kuti... kuti malo atha!"

"Pansi pa tebulo pakadali malo. Ife tinayamba kuika pansi pa bedi sabata yachisanu ndi chimodzi."

"Ndidutsa pati? Ana akhala pati?"

"Choimirira. Chakudya chimatsika msanga."

Kunja kunamveka kulira kwa mawilo a sikelo, alendo akuikankha kuchokera kalasi yoyandikana. Madamu anatsika pa kampando, anayang'ana uku ndi uku, ndipo maso awo anagwera pa mkango. Anaugwira ndevu, anautembenuza kukamwa kuloza kumwamba, anatsomphola nyamalikiti pashelefu n'kumukweza pamwamba pa chidebecho.

Belu linalira.

Pakhomo panaima ana 30, onse ogweluka mano awiri akutsogolo. Kutsogolo kwawo kunali Kangolo. Anayang'ana nyamalikiti, anayang'ana chidebe, anayang'ana Madamu. Kenaka anaika dzanja m'chiuno n'kukoka mpweya wambiri.

Dzanja la Madamu linauma m'malere.

"Ndimangomuonetsa... mkango," anatero Madamu. "Kuti adziwane."

"Ndi mpando umenewo, Madamu," anawakumbutsa bambowo mokoma mtima. Anawalanda chidebecho, anachizondotsa, n'kuchibwezera pamalo pake.

Kangolo anatulutsa mpweya uja. Bambo ake anagwada n'kumulozera lamulo lachitatu.

"Zonse tawapatsa Madamu, mwanangu, chifukwa amazikonda. Anena okha, ahedi amva. Uziwerengera konkuno tsopano, m'mawa uliwonse, pamodzi ndi anzako."

Mwanayo anasekerera mpaka usinini kuonekera, anawagwira bambo ake dzanja kamodzi, n'kuthamangira ku sitima. Posakhalitsa kalasi yonse inali ikuwerenga mokweza, aliyense zake, zala zikuloza.

Bambowo anavala jekete, anapinda bulangete n'kuliika mu wilibala yopanda kanthu. M'thumba la pachifuwa munkasuzumira kamutu ka kamba wa mwendo wachikopa.

"Uyu yekha ndabwerera naye," anatero. "Ndinamuvutikira. Khonde ndikakolopa masana ano, eni nyumba akapeze poyera."

Madamu anawatsatira mpaka pakhomo, akulumpha njovu, nyamalikiti akadali m'manja. Alendo anali atatsala masitepe khumi. Anawagwira bambowo mkono wa jekete n'kuwanong'oneza, milomo yokha ikugwedezeka.

"Bambo a Kangolo, chonde, ngati munthu ndi munthu mnzake. Galimoto ya zinyalala ija imadutsa tsiku lanji?"

Bambowo analitembenuza funsolo, analiona kunsi kwake, n'kuvala chipewa.

"Tsitsani mawu, Madamu, ana angamve. Nyimbo ija ili ndi ndime zinayi, ndipo munawaphunzitsa bwino."